Khoswe wa Pamkhate: Kodi Timubise M'bale Wonyamula Chiphe?

KHUTUBA YOYAMBA

Timtamanda Allah, Mwini moyo ndi imfa, amene adampatsa munthu nzeru nazichita kukhala chosungitsa chimene adzamfunse pa tsiku la Kiyama. Tikuikira umboni kuti palibe wopembedzedwa mwachoonadi koma Iye yekha, ndi kuti Muhammad ndi kapolo Wake ndi Mtumiki Wake. Madalitso ndi mtendere zikhale pa iye, pa akubanja kwake ndi pa maswahaba ake onse. Pambuyo pa izi, inu akapolo a Allah, tikudzilangiza ife eni poyamba, kenako inu, kuti timuope Allah poyera ndi mseri momwe.

Abale olemekezeka m'Chisilamu, masabata angapo apitawo, itatha swala ya Isha, bambo wina wachikulire adatsalira mu mzikiti anthu onse atatuluka. Adatilola kufotokoza nkhani yawo popanda kutchula dzina kapena mudzi. Mwana wawo amayendetsa galimoto lalikulu lonyamula katundu kuchokera kudoko kupita kumalire. Tsiku lina adasiya makatoni awiri m'nyumba ya bambo ake, kuseri kwa matumba a chimanga, nanena kuti ndi mankhwala a kuchipatala. Mdzukulu atatsegula katoni imodzi adapeza mapilitsi ambirimbiri opanda chikalata chilichonse. Kuyambira pamenepo, usiku pakhomo pamafika anyamata osadziwika, ndalama m'manja, maso ali gwa. Bambo aja adati: "Shehe, mwanayu ndiye adandifolera nyumba ndi malata, ndiye amavala ndi kudyetsa adzukulu anga. Ndikakanena kuboma ndamupereka ndi manja anga. Nanga Chisilamu sichidatiphunzitse kubisa manyazi a m'bale?"

Makolo athu adati khoswe akakhala pamkhate sapheka. Funso la bambo amenewa ndi la tonsefe, ndipo silingayankhidwe tisanadziwe chimene chili m'makatoni otere, ndi chifukwa chimene maiko a dziko lapansi agwirana manja pochisakasaka.

Pali mtundu wa mankhwala opha ululu umene madokotala amautcha opioid. Wakale kwambiri umachokera ku utomoni wa duwa la popi, ndipo kumeneko kumachokera morphine wa m'chipatala ndi heroin wa mumsewu. Heroin tikumudziwa, chifukwa dziko lathu lakhala njira yake kwa zaka zambiri: amalimidwa ku Afghanistan, amakwezedwa m'zombo za matabwa pagombe la Makran ku Pakistan ndi Iran, amatsitsidwa kumagombe akumpoto a Mozambiki, nayenda pamsewu mpaka ku South Africa ndi kupitirira. Mu Disembala 2019 chombo chotere chidagwidwa panyanja kufupi ndi Cabo Delgado, eni ake nachiyatsa moto kuti umboni umire.

Koma pali opioid wina amene safuna munda, mvula kapena mlimi. Amapangidwa m'chipinda posakaniza makemikolo. Wodziwika kwambiri ndi fentanyl, amene adapangidwa ndi dokotala Paul Janssen ku Belgium cha m'ma 1960 kuti athandize odwala ochitidwa opaleshoni. Mphamvu yake imaposa ya heroin pafupifupi ka 50, ndi ya morphine pafupifupi ka 100. Mamiligalamu 2 okha, ochepa ngati timibulu tingapo ta mchere, angaimitse kupuma kwa munthu wamkulu. Ku United States, mu 2021 ndi mu 2022, anthu oposa 70,000 chaka chilichonse adafa ndi mankhwala a mtundu umenewu. Ena mwa iwo adameza pilitsi limene ankayesa kuti ndi mankhwala ena.

Musati zimenezi ndi za kutsidya kwa nyanja. Ku West Africa kudafalikira tramadol, amene kuchipatala amaperekedwa pa mlingo wa mamiligalamu 50 kapena 100, koma pamsika wamseri amagulitsidwa wa 225 ndi 250. Oyendetsa njinga zamoto, olima ndi okumba migodi ankamumwa kuti asamve kutopa, mpaka adalephera kudzuka m'mawa popanda iye. Kafukufuku wa dziko la Nigeria wa 2018 adapeza anthu 4.6 miliyoni akumwa mankhwala a opioid popanda chilolezo cha dokotala. Ku Sierra Leone, mu Epulo 2024, mtsogoleri wa dzikolo Julius Maada Bio adalengeza kuti dziko lili pangozi chifukwa cha chosuta chotchedwa kush, ndipo pochiyeza adapezamo nitazene, mankhwala opangidwa ku Switzerland m'zaka za m'ma 1950 amene sadaloledwepo kuperekedwa kwa odwala chifukwa cha kuopsa kwake. Dzikolo ndi la Asilamu ambiri.

Pali chinanso choyenera kutidzutsa. Mu Epulo 2022 olamulira a ku Afghanistan adaletsa ulimi wa popi, ndipo ofesi ya United Nations yoona za mankhwala ozunguza bongo ndi umbanda, UNODC, idanena kuti mu 2023 ulimiwo udatsika ndi 95 peresenti. Munda ungathe kutha m'chaka chimodzi, koma ludzu la omwe adazolowera silitha, ndipo njira za amalonda, madoko awo ndi anthu awo ogulidwa zimakhalapobe. Wamalonda amene katundu wake wasowa amafuna wina wodzaza malo. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Onani tsono kusiyana kwake. Heroin wodzaza chombo amafuna amalinyero, mafuta ndi gombe lobisika. Fentanyl wokwanira kupha tauni yonse angalowe mu envulopu, nayenda pa positi. Kemikolo ingapangidwe m'dziko lina, kusakanizidwa m'dziko lachiwiri, kudindidwa kukhala mapilitsi m'dziko lachitatu, kugulitsidwa pa intaneti, ndalama n'kubisidwa m'dziko lachinayi. Wapolisi wa dziko limodzi amaona chidutswa chimodzi chokha cha chingwe chimenechi. N'chifukwa chake maiko adapangana. Pali pangano la United Nations la 1961 loyang'anira mankhwalawa, ndi la 1988 lolimbana ndi kuwazembetsa. Ku Vienna kuli bungwe la INCB, limene lili ndi njira zoti dziko lotumiza makemikolo lichenjeze dziko lolandira katundu asananyamuke, ndi zoti apolisi ndi ogwira ntchito m'malire adziwitsane msanga akagwira phukusi lokayikitsa. Mu 2017 makemikolo awiri opangira fentanyl adaikidwa pansi pa ulonda wa maiko onse, ndipo mu 2022 adaonjezerapo atatu. China idaika banja lonse la fentanyl pansi pa lamulo mu Meyi 2019, ndipo India idakhwimitsa lamulo la tramadol mu 2018. Kuyambira 2004 UNODC pamodzi ndi bungwe la dziko lonse la akasitomu akhala akuphunzitsa magulu a m'madoko kusankha kontena yoyenera kutsegulidwa pakati pa makontena zikwizikwi. Mu Julayi 2023 dziko la United States lidaitana maiko ambiri kukhazikitsa mgwirizano wolimbana ndi mankhwala opangidwa ndi makemikolo. Kwathu kuno tili ndi lamulo 3/97, Gabinete Central de Prevenção e Combate à Droga, ndi apolisi ofufuza a SERNIC. Tidaona chipatso cha kugwirana manja mu Epulo 2020, pamene wozembetsa wamkulu wa ku Brazil wotchedwa Fuminho adagwidwa ku Maputo, apolisi athu, a ku Brazil ndi a ku America atagwira ntchito limodzi.

Apa mitima ya ena imatsutsa, ndipo kutsutsa kwawo n'koyenera kumvedwa. Amati: maiko olemera adadzuka pamene ana awo adayamba kufa, pamene tramadol ankawononga ana a ku Africa adali chete. Amatiphunzitsa ndi kutipatsa makina kuti tikhale alonda a makomo awo. Nanga Msilamu athandize bwanji anthu amene sali a chipembedzo chake, amene cholinga chawo ndi phindu lawo? Sitikana kuti dziko lililonse limayamba ndi kudziganizira lokha. Koma Shariya imayang'ana ntchito imene tikuitanidwira. M'ndime yachiwiri ya Surat Al-Maidah Allah akutilamula kuthandizana pa zabwino ndi kutiletsa kuthandizana pa tchimo ndi chidani, ndipo lamuloli lidatsika pa nkhani ya anthu amene adawatsekereza Asilamu njira ya ku Msikiti Wopatulika. Kumbukiraninso pangano la Hilf al-Fudul. Wamalonda wochokera ku Yemen adalandidwa katundu wake ku Makka popanda kulipidwa, ndipo mafuko angapo a Akuraishi adasonkhana m'nyumba ya Abdullah ibn Jud'an napangana kuima ndi woponderezedwa aliyense mpaka atalandira chake. Mtumiki (s.a.w.) adalipo ali mnyamata, opanganawo ali opembedza mafano, komabe utumiki utabwera adalitamanda panganolo, nasonyeza kuti akadaitanidwira kwa lotere m'Chisilamu akadavomera. Ngati mlendo atibweretsera makina ozindikira chiphe padoko la Nacala kapena pachipata cha Mandimba chifukwa choopera ana ake, chiphe chimene chagwidwacho sichidzafikanso kwa ana athu. Chimene tiyenera kuumirira n'chakuti mgwirizanowo uteteze anthu athu mofanana ndi awo, ndi kuti pamodzi ndi makina ndi maphunziro a apolisi pabwerenso mankhwala ndi zipatala za omwe adagwa kale.

Tibwerere kwa bambo athu aja. Ndi zoona kuti Chisilamu chimakonda kubisa. Mtumiki (s.a.w.) adalonjeza kuti wobisa manyazi a Msilamu naye adzabisiridwa ndi Allah, ndipo Surat Al-Hujurat ikutiletsa kufufuzana ndi kujedana. Koma maulama adalongosola malire ake. Imam An-Nawawi adafotokoza kuti kubisa kumene kuli kokondedwa ndi kwa munthu amene sadziwika ndi kuvutitsa anthu, ndiponso pa tchimo limene lidachitika n'kutha. Wodziwika ndi kufalitsa zoipa, nkhani yake iyenera kukafika kwa olamulira ngati kutero sikubweretsa choipa choposa, chifukwa kumubisa kumam'limbitsa mtima. Tchimo limene likuchitika pamaso pako liyenera kuletsedwa pomwepo. Imam yemweyo adawerenga malo asanu ndi limodzi pamene kutchula choipa cha munthu sikukhala miseche, ndipo mwa iwo muli kupempha thandizo lochotsera choipa ndi kuchenjeza anthu za ngozi.

Nzeru yake ndi yoonekera. Manyazi ndi chilonda cha munthu mwini. Ukachiphimba, wochira ndi iye, ndipo palibe wachitatu amene wapweteka. Katoni ya mapilitsi ili ndi anthu ena m'kati mwake: mwana wa mnansi, wophunzira wa ku sekondale, msodzi wa pagombe amene adzameza pilitsi kuti apirire usiku panyanja. Amene abisa katoniyo wasankha pakati pa ana awiri, wake amene akumuona ndi wa mnzake amene sakumuona. Maulama monga Al-Ghazali ndi Ash-Shatibi adaphunzitsa kuti Shariya idadza kudzateteza zinthu zisanu: chipembedzo, moyo, nzeru, mbumba ndi chuma. Malonda amenewa amagunda zisanu zonsezi nthawi imodzi. Womwa amasiya swala, amataya nzeru, amagulitsa mbuzi za amayi ake, amasiya ana ake osasamalidwa, ndipo mapeto ake amagona osadzukanso. Ngati Surat Al-Maidah idaletsa mowa chifukwa umaphimba nzeru, ndipo Mtumiki (s.a.w.) pa tsoka la mowa adaphatikizamo wofulula, wonyamula, wogulitsa ndi wodya mtengo wake, kuli bwanji chinthu chimene chimaphimba nzeru ndi kuimitsa mpweya? Wonyamula sanganene kuti ine ndangoyendetsa galimoto. Wosunga sanganene kuti ine ndangobwereketsa chipinda. Malata ofoleredwa ndi ndalama zimenezi satchinga mvula ya tsiku la Kiyama.

Ndipo tisaganize kuti kumuletsa mwanayo n'kumuda. Mtumiki (s.a.w.) adaphunzitsa kuti m'bale wopondereza timam'thandiza pomugwira dzanja kuti aleke. Adafanizanso anthu ndi okwera chombo chimodzi, ena pamwamba ena pansi. Apansi akafuna kuboola pamalo pawo kuti atunge madzi, apamwamba n'kuwalekerera, onse amamira. Ife a m'mbali mwa nyanja fanizo limeneli sitifuna wotimasulira. Palibe amene adakhalapo chete m'bwato pakati pa nyanja chifukwa woboolayo ndi mwana wake.

Tikunena mawu awa, ndipo tikupempha chikhululuko kwa Allah pa ife ndi inu. Mupempheni chikhululuko, pakuti Iye ndi Wokhululuka, Wachisoni.

KHUTUBA YACHIWIRI

Timtamanda Allah ndi kumuthokoza, ndipo timpempha kuti adalitse Mtumiki Wake Muhammad ndi kumpatsa mtendere.

Abale olemekezeka, tikalekera pomwepa ena atuluka mu mzikiti muno ndi mkwiyo wopanda mlingo. Pali malire atatu oyenera kuwasunga.

Oyamba: wogulitsa ndi wogwidwa ndi chizolowezi si amodzi. Pa nthawi ya Mtumiki (s.a.w.) padali swahaba amene ankabweretsedwa kawirikawiri chifukwa cha mowa. Wina atamutemberera, Mtumiki adamuletsa, naikira umboni kuti munthuyo amakonda Allah ndi Mtumiki Wake. Mnyamata amene thupi lake lagwidwa ndi opioid akasiya mwadzidzidzi amanjenjemera, amasanza, mafupa amam'phwanya. Kumumanga pamtengo kapena kum'thamangitsa pakhomo sikumuchiritsa. Apa kubisa manyazi kuli pamalo pake: musamulengeze pamsika, mutengereni kuchipatala. Ku Maputo kudayambika chithandizo cha methadone kwa ogwidwa ndi heroin, ndipo pali mankhwala otchedwa naloxone amene amabweza mpweya wa munthu wokomoka ndi opioid akaperekedwa msanga. Mukam'peza munthu ali chikomokere, akupuma pang'onopang'ono, milomo itada, musadikire kuti agone kuledzera kuthe. Thamangirani naye kuchipatala. Khomo la mzikiti likhale lotseguka kwa iye, chifukwa amene watsekeredwa ndi abale amabwerera kwa wogulitsa.

Achiwiri: tisawatsekere odwala khomo la mankhwala. Morphine amene dokotala amapereka kwa wodwala khansa, kwa wopsa ndi moto, kwa wochitidwa opaleshoni, ndi chifundo cha Allah. Imam Al-Qarafi adasiyanitsa choledzeretsa, chosokoneza nzeru ndi chogoneka, ndipo maulama adaloleza chogoneka pa chifukwa cha chithandizo. Akatswiri amene adasonkhanitsidwa ndi magazini ya zachipatala ya The Lancet adapeza mu 2017 kuti theka losauka la anthu a padziko limalandira zosakwana 1 peresenti ya mankhwala opha ululu amtunduwu. Kwina anthu akufa chifukwa achuluka, kwathu agogo akufa akubuula chifukwa asowa. Uganda idasonyeza kuti n'zotheka kupereka morphine wamadzi kwa odwala m'midzi, anamwino ophunzitsidwa ataloledwa kumulemba, popanda kutsegula msika wamseri. Mlonda wabwino amatseka khomo la mbala nasiya la dokotala. Inunso musagule mapilitsi opha ululu pamsika kapena m'basi, ndipo otsala a wodwala wanu muwabwezere kuchipatala.

Achitatu ndi a inu amene muvala yunifolomu: apolisi, akasitomu, alonda a m'malire, ogwira ntchito padoko ndi kupositi, amene ena mwakhala m'mizere ino lero. Maiko angapangane ku Vienna, angatumize makina ndi agalu onunkhiza, angakutengereni kumaphunziro kunja. Zonsezo zimathera pa munthu mmodzi amene waima pachipata usiku, dalaivala atam'patsira chikalata chopindiramo ma metikali. Makina amaona zimene zili mu kontena, koma sangam'kakamize munthu kulemba zimene aona. Mtumiki (s.a.w.) adatchula tsoka pa wopereka chiphuphu ndi wolandira. Tikudziwa kuti malipiro ndi ochepa, ndi kuti wokana chiphuphu nthawi zina amadedwa ndi anzake kapena kuopsezedwa. Koma chipata chimenecho ndi amana, ndipo tsiku limene mudzaimitsa katoni imodzi mudzapulumutsa anthu amene simudzawadziwa mpaka pa tsiku la Kiyama. Dziwaninso kuti bambo wonga uja adzabwera kwa inu pokhapokha akakhulupirira kuti dzina lake silidzagulitsidwa kwa eni katundu dzuwa lisanalowe.

Nanga bambo aja tidawayankha chiyani? Tidawauza kuti ayambe ndi mwana wawo, pamaso pa amalume ake ndi akulu awiri odalirika, amuuze mosabisa kuti katunduyo ndi haramu, kuti sadzagonanso m'nyumba muno, ndi kuti ndalama zake sadzazilandiranso. Amutsegulire khomo la kulapa, amulimbikitse kuti iye mwini apite kwa olamulira ndi makatoniwo, akulu atam'perekeza. Asawataye kudzala kapena m'nyanja kumene ana angawatole, ndipo asawabwezere kwa eni ake kuti akagulitsidwe mudzi wina. Mwana akakana, akanene okha, ndipo asapite okha: atenge mboni, alembetse nkhaniyo moti isazimirire. Asalimbane ndi amalondawo ndi manja awo, ndipo asasonkhanitse gulu lokaweruza pamsewu, pakuti chilango ndi cha boma. Tidawauzanso kuti jamaa ili ndi gawo lake: ngati adzukulu asowa chakudya chifukwa agogo awo asankha njira ya Allah, zakaat ndi sadaka zathu ziyambire pakhomo pawo. Sitingam'lamule munthu kusiya nsima ya haramu ife titakhala pa nkhokwe zathu.

Adakhala chete nthawi yaitali, kenako adafunsa ngati mwanayo adzawakhululukira. Tidawayankha kuti mitima ili m'manja mwa Allah, ndi kuti mwana wamoyo wokwiyira bambo ake ali ndi nthawi yolapa, imene ana a anthu ena omwe akadameza mapilitsiwo sakadakhala nayo. Adanyamuka, natenga nsapato zawo, napita. Apempherereni, pakuti mayeso awo ndi olemera.

E inu Allah, tetezani nzeru za ana athu. Chiritsani amene agwidwa ndi chizolowezi, ndipo abwezereni kwa makolo awo ndi ku swala. Pepuzani ululu wa odwala athu. Limbitsani mitima ya alonda a malire athu kuti akane chiphuphu, ndipo aongoleni atsogoleri athu ku chilungamo. Tipatseni rizki la halali lotikwanira, kuti tisayang'ane la haramu. Khululukirani makolo athu, amoyo ndi omwe adatsogola, ndipo dzetsani mtendere m'dziko lathu la Mozambiki. Ameen.

Imikani swala.